Mphini za pa mfuti: chitsulo chimanena kwawo, koma njira sichiulula

Apolisi a m'chigawo cha KwaZulu-Natal akawomberana ndi achiwembu ku Inanda, ku Umlazi kapena mumsewu waukulu wa N2, chithunzi chimene chimafika pa foni ya Mmalawi wokhala ku Durban chimakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Mfuti ili gone pa phula, magazini yake yokhota ngati nthochi, makoko a zipolopolo ali mbwee, ndipo m'munsi mwa chithunzicho alembamo kuti anthuwo apezeka ndi AK-47. Pa gulu la WhatsApp wina amaponyapo ndemanga yoti zimenezi n'zochokera ku Mozambique, wina n'kuvomera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kwa katswiri amene mfutiyo ikafikire pa tebulo lake, pamenepo ndi poyambira chabe. Dzina loti AK-47 lili ngati la Colgate pa okala ya kwathu: mankhwala alionse otsukira mano timawaitanitsa ndi dzina limenelo, ngakhale pa chubu palembedwe zina. Mfuti imene Mikhail Kalashnikov anaikonza, n'kuvomerezedwa ndi gulu lankhondo la Soviet Union mu 1949, inabala ana m'mafakitale a maiko ambiri: China, Romania, Bulgaria, Poland, Hungary, East Germany, Yugoslavia ndi North Korea. Ukaima patali onse amafanana ngati ana a bere limodzi. Ukasendera pafupi, aliyense ali ndi mphini zake.

Makolo athu akakumana ndi mlendo panjira sankamufunsa chiphaso. Ankamuyang'ana mphini za pamphumi ndi m'masaya n'kudziwa mtundu wake ndi dera limene wachokera. Koma mphinizo sizinkanena kuti mlendoyo wagona kuti dzulo, wadutsa m'mudzi mwa yani, kapena wamutuma ndani. Vuto la mfuti za ku Durban lagona pomwepo.

Kuwerenga chitsulo

Katswiri amayamba wachotsa magazini ndi kuonetsetsa kuti mulibe chipolopolo chotsalira. Kenako amaigoneka mfutiyo mbali ya kumanzere ili m'mwamba, n'kupukuta mafuta ndi dzimbiri pamalo pomwe mpope umalowera m'thupi la mfuti. Pamenepo pamakhala chidindo chaching'ono kuposa chikhadabo, pambali pake nambala, ndipo pa mfuti zambiri pamakhalanso chaka.

Muvi wa nthenga kumchira, uli m'kati mwa makona atatu, ndiye kuti mfutiyo inabadwira ku Izhevsk, ku Russia. Nyenyezi ndi ya ku Tula, m'dziko lomwelo. Nambala 66 m'makona atatu ndi fakitale ya boma ya ku China imene inapanga mtundu wotchedwa Type 56. Nambala 10 yozunguliridwa kawiri ndi Bulgaria, pamene 11 m'kabwalo kooneka ngati dzira ndi Radom, ku Poland. Ya ku Cugir, ku Romania, ndiyo imapusitsa ongoyamba kumene ntchitoyi, pakuti nayo ili ndi muvi m'makona atatu, kungoti muvi wake ulibe nthenga.

Akaitembenuza mbali ya kumanja, mfuti imayankhula chinenero cha kwawo. Pali kachitsulo kotsitsa ndi kukweza, kosankhira ngati mfutiyo iwombe chipolopolo chimodzichimodzi kapena ilavule zonse mosalekeza, ndipo pambali pake pali zilembo. Za ku Russia ndi ku Bulgaria zili m'kalembedwe ka Chirasha. Za ku East Germany zili ndi D ndi E, za ku Poland C ndi P, za ku Yugoslavia U, R ndi J. Za ku China zimene zinkagulitsidwa kunja zili ndi L ndi D, pamene za ku Hungary zili ndi 1 komanso chizindikiro chooneka ngati 8 wogona chammbali. Ngakhale zidindo zonse zitafufutika, kapangidwe kamaulula: Type 56 zambiri zili ndi chobayira chosongoka chopindikira pansi pa mpope, ndipo za ku Romania zambiri zili ndi chogwirira cha mtengo chotulukira kutsogolo.

Nawo makoko otoledwa pansi ali ndi mphini kumbuyo kwake. A ku China amakhala ndi nambala ya fakitale pamwamba ndi manambala awiri a chaka m'munsi. A ku South Africa komweko ambiri amalembedwa PMP, dzina la fakitale ya zipolopolo ya ku Pretoria.

Akuluakulu anati mphini yobwereza ndiyo imawala, ndipo opanga mfuti ankachita ngati anaumva mwambiwu. Nambala ya mfuti, kapena manambala ake omalizira, ankaibwereza pa zitsulo zingapo: pa chivundikiro cha pamwamba ndi pa zitsulo za m'kati zimene zimakankha chipolopolo. Choncho katswiri amaiphwasula yonse n'kuyala zidutswa pa tebulo. Manambala akagwirizana, mfutiyo idakali momwe inatulukira m'fakitale. Akasiyana, ndiye kuti inadutsa m'manja mwa wina wokonza. Aliyense amene anakonzetsapo galimoto kwa amakanika a ku Ndirande kapena ku Biwi akudziwa mmene zimakhalira: bodi ya galimoto ina, injini ya ina, giyabokosi ya inanso, koma ikuyenda. Mfuti ya thupi la ku Russia, chivundikiro cha ku Romania ndi magazini ya ku China si yachilendo. Ukafunsa kwawo kwa mfuti yotere, ufunsenso kuti ukunena chidutswa chiti.

Lamulo la South Africa linaona patali pa nkhaniyi. Firearms Control Act ya mu 2000, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2004, imati mpope pawokha kapena thupi la mfuti palokha ndi mfuti kale. Munthu sangazembe mlandu ponena kuti anangosunga chidutswa. Mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, komanso mfuti iliyonse imene nambala yake yapalidwa kapena kusinthidwa, ili m'gulu la zoletsedweratu, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 25. Mmalawi amene mnzake angamusungize chikwama mu shaki kapena mu fulati osamuuza za m'kati ayenera kudziwa zimenezi.

Nambala yopalidwa

Mfuti zambiri zimene apolisi amalanda zimafika nambala itapalidwa ndi tupa kapena makina. Wopalayo amayesa wamaliza. Koma chidindo chikamenyedwa pa chitsulo, mphamvu yake imapsinja chitsulocho mpaka m'kati, kupitirira pomwe diso limaona. Akatswiri a ku labotale ya apolisi amasalaza pamalopo mpaka kuwala, n'kupakapo asidi. Asidiyo amadya chitsulo chopsinjika mosiyana ndi chinzake, ndipo nambala ija imatha kutulukanso ngati chithunzithunzi, katswiri n'kuijambula isanazimirire.

Mfuti nayo imatema mphini zake. Kachitsulo komenya chipolopolo kamasiya kachibowo kumbuyo kwa khoko, ndipo mizere ya m'kati mwa mpope imakanda chipolopolo chikamatuluka. Zipsera zimenezi zimasiyana pa mfuti iliyonse. Zithunzi zake zimasungidwa mu kompyuta, kotero kuti khoko lotoledwa ku hositelo ya Glebelands ku Umlazi likhoza kufanana ndi lina lotoledwa ku Johannesburg zaka ziwiri zapitazo. Pa 6 Julayi 2025, mkulu wa apolisi m'chigawo cha KwaZulu-Natal, Nhlanhla Mkhwanazi, atayankhula ndi atolankhani ku Durban, imodzi mwa mfundo zake inali yotere: mfuti zimene zinalandidwa pa mlandu umodzi ku Gauteng zinapezeka kuti zikukhudzidwa ndi milandu ina ya kupha anthu odziwika. Zimene ananena tsikulo zinachititsa Pulezidenti Cyril Ramaphosa kukhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Mbuyiseli Madlanga.

Zonsezi zimayankha mafunso awiri: mfutiyi inapangidwa kuti, ndipo yapha kuti. Pakati pa fakitale ndi maliro pamatsala zaka makumi anayi kapena asanu zimene chitsulo sichinenapo kanthu. Anthu a kumwera kwa Durban anaphunzira zimenezi ndi misozi.

Phunziro la KwaMakhutha

Pa 21 Januwale 1987, kusanache, anthu onyamula mfuti analowa m'nyumba ina ku KwaMakhutha, pafupi ndi Amanzimtoti. Ankafuna mnyamata wina wa gulu la United Democratic Front, limene linkalimbana ndi boma la tsankho. Sanamupeze. Anapha anthu 13, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Makoko amene anatsala pamalopo anali a AK-47.

Masiku amenewo munthu akamva AK-47 ankaganiza za ANC ndi asilikali ake a Umkhonto we Sizwe, pakuti ndiwo ankalandira zida kuchokera ku maiko a chikomyunizimu. Asilikali a boma ankanyamula R1 ndi R4, zopangidwa ku Lyttelton pafupi ndi Pretoria. Wowerenga mphini zokha akanaloza chala kumene opha anthuwo ankafuna kuti aloze.

Mu 1996, m'bwalo lalikulu la milandu ku Durban, nduna yakale ya zachitetezo Magnus Malan ndi akuluakulu ena a usilikali anayankha mlandu wa imfa zimenezi. Mboni ya boma, yemwe kale anali msilikali wa nthambi ya ukazitape, inafotokoza kuti opha anthuwo anali anyamata a Inkatha ophunzitsidwa ndi asilikali a boma ku Caprivi, m'dziko la Namibia, ndipo mfuti za AK-47 anawapatsa ndi asilikali omwewo. Mu Okutobala chaka chomwecho bwalo linamasula oimbidwa mlandu onse. Koma bungwe la Truth and Reconciliation Commission linatsimikiza pambuyo pake kuti mu 1986 anyamata pafupifupi 200 anaphunzitsidwadi ku Caprivi pansi pa chikonzero chachinsinsi chotchedwa Operation Marion.

Boma la tsankho linali ndi mfuti za ku Russia ndi ku China zochuluka, zolanda pa nkhondo za ku Namibia ndi Angola. Eugene de Kock, mkulu wa gulu la apolisi achiwembu la ku Vlakplaas, anaulula kuti mu 1993 anapereka zida zodzaza malole kwa Philip Powell wa chipani cha Inkatha. Mu Meyi 1999 Powell analozera ofufuza dzenje lina pafupi ndi Nquthu, kumpoto kwa chigawochi, momwe anafukulamo zida zokwana matani pafupifupi 7. Amenewo anali gawo laling'ono la zimene De Kock ananena kuti anapereka. Choncho mfuti ya muvi wa ku Izhevsk ikapezeka lero m'manja mwa inkabi, monga momwe Azulu amatchulira wakupha wolembedwa ganyu, ikhoza kukhala kuti sinadumphe mpanda wa malire alionse m'zaka makumi atatu zapitazi.

Za ku Mozambique si zabodza

Wa ndemanga uja pa WhatsApp sananame kotheratu. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mfuti zambirimbiri zinatsala zokwiriridwa m'tchire, ndipo zambiri zinalowera ku KwaZulu-Natal kudzera m'malire a kumpoto. Kuyambira mu 1995 apolisi a South Africa ndi a Mozambique anayamba kuyendera limodzi pa ntchito yotchedwa Operation Rachel, kufukula nkhokwe zimenezi n'kuziphulitsa pomwepo. Ife ku Malawi tikudziwa mbali yathu. Tinasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo anthu a ku Nsanje, Mwanza, Dedza ndi Ntcheu akukumbukira mmene kulira kwa AK-47 kunayambira kumveka m'maumbava a usiku. Nawonso a Malawi Young Pioneers, asilikali atawathamangitsa pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, ena anathawira kutsidya komweko.

Umboni wina wa mfuti za ku Mozambique uli ku London. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu la m'dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula, amisiri n'kuwotcherera zidutswazo kukhala zosema. Mmodzi wa amisiriwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mpando mu 2001 umene lero uli ku British Museum. Akatswiri atauwerenga mphini anapeza kuti chotsamira chake ndi mfuti za G3 za ku Portugal, ndipo zidutswa zina n'za ku Russia, kum'mawa kwa Ulaya ndi ku North Korea. Pa mpando wonsewo palibe chitsulo chopangidwa mu Africa. Mawu oti "yachokera ku Mozambique" amangonena pomwe mfutiyo inapumira.

Khoswe wa m'nkhokwe

Pali mfuti zina zimene mphini zake zimachititsa manyazi boma. R4 ndi ya asilikali a South Africa, R5 ndi ya apolisi. Sizigulitsidwa m'sitolo. Ikapezeka m'manja mwa olanda galimoto yonyamula ndalama, palibe malire amene angaimbidwe mlandu. Mu Disembala 2019 mfuti za R4 zinabedwa m'kati mwa malo a asilikali ku Lyttelton. Kumayambiriro kwa 2022 kunamveka kuti mfuti 158 zasowa m'chipinda chosungira umboni pa polisi ya Norwood ku Johannesburg.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya Christiaan Prinsloo, mmodzi wa akuluakulu a apolisi ku Gauteng, amene ankayang'anira mfuti zoyenera kuphwanyidwa. M'malo mozitumiza ku ng'anjo, iye anazigulitsa, pafupifupi 2,400, ndipo zambiri zinafika kwa magulu a zigawenga a ku Cape Town. Chimene chinamugwiritsa ndi mphini. Akatswiri a ku labotale anaona kuti mfuti zambiri zolandidwa ku Cape Flats zinapalidwa nambala mwa njira imodzimodzi, ngati kuti ndi dzanja limodzi. Kufufuta mphini kunasanduka mphini ina. Prinsloo anavomera mlandu, n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 18 mu 2016. Mfuti zimene ofufuza anazipeza zinali zitakhudzidwa kale ndi imfa zoposa 1,000. Pa pepala, zonsezo zinali zitaphwanyidwa.

Ku Durban kwenikweni, pa chipwirikiti cha mu Julayi 2021, kontena ya zipolopolo zoposa 1 miliyoni inathyoledwa pa malo ena osungira katundu ku Mobeni. Zinalowa m'dzikomo mwalamulo, kudzera pa doko, ndi mapepala ake.

Nkhani zimenezi n'zofunika kwa Mmalawi wa ku Joni. Mu Epulo 2015, alendo atathamangitsidwa n'kukaunjikana m'misasa ya ku Isipingo ndi Chatsworth mpaka boma la Malawi kutumiza mabasi, mlandu umodzi umene ankapatsidwa unali woti ndiwo abweretsa umbava. Ndi chapafupi kuloza mlendo kusiyana ndi kuwerenga mfuti za m'nkhokwe ya polisi. Koma chimanga chikamatha m'nkhokwe yotseka bwino, mwini nyumba wanzeru sathamangira kumalire a munda.

Pomwe pepala linayankhula

Doko la Durban linaonapo tsiku limene njira ya zida inadziwika bokosi lisanatsegulidwe. Mu Epulo 2008 sitima ya ku China yotchedwa An Yue Jiang inafika ndi katundu wa matani 77 wopita ku Zimbabwe: zipolopolo za AK-47 pafupifupi 3 miliyoni, mabomba a roketi 1,500 ndi mabomba ena. Zimbabwe inali itangovota pa 29 Marichi, zotsatira za pulezidenti zikubisidwa. Mapepala a katunduyo atafika m'manja mwa atolankhani, ogwira ntchito pa doko a bungwe la SATAWU anakana kutsitsa. Bishopu Rubin Phillip wa mpingo wa Anglican ndi Paddy Kearney anapita ku bwalo lalikulu la Durban, ndipo pa 18 Epulo bwalolo linaletsa kuti zidazo zidutse m'dzikomo. Sitimayo inazula nangula n'kuchoka. Levy Mwanawasa wa ku Zambia, yemwe anali wapampando wa SADC, anapempha maiko ena kuti nawo asailandire. Palibe amene anagwira chipolopolo n'chimodzi chomwe kuti awerenge chidindo. Pepala ndilo linanena wotumiza ndi wolandira.

Chidindo ndi pepala zikakumana, njira yonse imaoneka. Mfuti zikuluzikulu zosakira nyama zimene zinkatoledwa pomwe zipembere zaphedwa kumalo osungira nyama a Kruger zinali zambiri za kampani ya CZ ya ku Czech Republic, ndipo zina zinalembedwa dzina la mzinda wa Kansas City ku America. Bungwe la Conflict Awareness Project, lotsogozedwa ndi Kathi Lynn Austin, linatenga manambala ake n'kuwalondola m'mabuku a ogulitsa, mpaka linapeza kuti mfutizo zinkadutsa ku Portugal kupita m'masitolo a mfuti a ku Mozambique. Kupha zipembere kutasamukira ku KwaZulu-Natal, komwe mu 2023 kunaphedwa 325 mwa 499 za m'dziko lonse, luso lolondola nambala lomweli ndilo likufunika.

Lonjezo la ku Blantyre

Amalawi ambiri amene amagula galimoto kudzera ku Durban amaidziwa bwino mfundo imeneyi ngakhale sanagwirepo mfuti. Chizindikiro cha Toyota pa boneti sichitsimikiza kuti galimotoyo si yakuba. Wapolisi amawerama n'kuwerenga nambala ya chesesi ndi ya injini, kenako n'kuiyerekeza ndi zimene zili m'buku. Buku likasowa, kapena wolemba m'bukumo akadya chiphuphu, nambala ija imangokhala zokanda pa chitsulo.

Atsogoleri a maiko a SADC anavomereza zomwezi pa 14 Ogasiti 2001, atakumana ku Blantyre, pomwe anasaina pangano loyendetsera mfuti ndi zipolopolo. Analonjeza kuti mfuti iliyonse izikhala ndi chidindo chonena dziko limene yapangidwa, kampani ndi nambala, ndiponso kuti dziko lililonse lizisunga kaundula wolongosoka ndi kuwerengera zida za boma. Mbali ya chidindo ndi yosavuta, pakuti makina amadinda kamodzi basi. Mbali ya kaundula imafuna munthu wokhulupirika tsiku ndi tsiku, ku Pretoria, ku Maputo ndi ku Area 30 komwe.

Chithunzi china chikadzafika pa foni, mfuti ili gone pa phula la ku Inanda, tidzachikulitse ndi zala n'kuyang'ana bwino. Mwina tidzaona chobayira cha ku China kapena chogwirira cha ku Romania, ndipo tidzadziwa kwawo kwa mlendoyo. Likatsala funso loti wagona kuti dzulo, yankho lake silili pa chitsulo. Lili m'buku lina, mu ofesi ina, pamzere pomwe munthu wa yunifolomu anasaina kuti mfutiyo waiona, waiwerenga ndipo waitsekera.